Asilikali a m'thupi opezeka m'chotupa cha melanoma: kodi akutiuza chiyani za tsogolo la wodwala?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo yokhudza abambo ake, ndipo wavomera kuti ndimuyankhe poyera, bola ndisatchule dzina lake kapena chipatala chimene akupitako. Abambo akewo, omwe ali ndi zaka za m'ma 60, anali ndi banga lakuda pachidendene kwa zaka zingapo, ndipo chaka chatha bangalo linayamba kukula mpaka linasanduka chilonda chokana kupola. Madokotala anachita opaleshoni n'kuchotsa chotupacho, ndipo lipoti la ku labotale linanena kuti ndi khansa yapakhungu yotchedwa melanoma, kuti inali italowa pansi mamilimita 3.4, kuti pamwamba pake panali patachita chilonda, komanso panali mzere wina wakuti "tumour-infiltrating lymphocytes: non-brisk". Dokotala anangowauza mwachidule kuti amenewo ndi asilikali a m'thupi amene anapezeka m'chotupamo. Mayiyo akufuna kudziwa ngati zimenezi zikutanthauza kuti thupi la abambo ake likuigonjetsa khansayo, ngati mzere umenewu ukunenapo kanthu pa zaka zimene angakhale ndi moyo, ndiponso ngati n'koyenera kugula mankhwala amene amatsatsidwa kuti amakweza chitetezo cha m'thupi, poti achibale ayamba kale kusonkha ndalama.

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawa, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagule kanthu. Mzere umene wakudabwitsaniwo uli ndi tanthauzo lenileni, chifukwa odwala amene zotupa zawo zimapezeka zitadzaza ndi asilikaliwa, tikawatenga monga gulu, amakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa amene zotupa zawo zilibe. Komabe mzerewo sukunena za mphamvu ya thupi lonse la abambo anu, ndipo si umene uli wolemera kwambiri pa lipotilo. Ukungonena chinthu chimodzi chokha, chakuti chitetezo chawo chinachizindikira chotupacho n'kulowamo pang'ono, koma sichinachizinge chonse. Zina zonse zimene ndifotokoze zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Tiyambe ndi zimene katswiri wa ku labotale amaona. Chotupa chikachotsedwa amachidula tizidutswa topyapyala kwambiri, amatipaka utoto n'kutiyang'ana pa maikulosikopu. Pakati pa maselo a khansa, omwe amakhala akuluakulu ndiponso osalongosoka, nthawi zina pamaoneka timaselo ting'onoting'ono tozungulira tooneka ngati madontho akuda, ndipo timeneti ndi ma lymphocyte, omwe ndi gulu limodzi la maselo oyera a m'magazi amene tinazolowera kuwatchula kuti asilikali a m'thupi. Njira yowawerengera imene malabotale ambiri akugwiritsabe ntchito inakhazikitsidwa ndi Wallace Clark ndi anzake a ku University of Pennsylvania mu 1989. Iwo anagawa zotupa m'magulu atatu. Akalemba kuti brisk, ndiye kuti asilikaliwo afalikira m'chotupa chonse kapena azinga tsinde lake lonse mosadukiza. Akalemba kuti non-brisk, ndiye kuti alowa m'malo ena okha, apa ndi apo. Akalemba kuti absent, ndiye kuti mulibe, kapena alipo pafupi koma sakukhudzana ndi maselo a khansawo. Mfundo yotsirizayi ndi yofunika, chifukwa asilikali ongoima kunja kwa chotupa sawerengedwa n'komwe. Chimene chimayang'anidwa ndi chakuti alowerera pakati pa maselo a khansa ndipo akukhudzana nawo.

Manambala amene amatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi anachokera ku Italy mu 1996, pamene Claudio Clemente ndi anzake anatsatira odwala 285. Mwa amene zotupa zawo zinali za brisk, 77 pa 100 alionse anali akadali moyo patapita zaka 5. Mwa a non-brisk anali 53, ndipo mwa amene munalibe asilikali anali 37. Kafukufuku wamkulu kwambiri anachitika ku Melanoma Institute Australia mumzinda wa Sydney, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2012 atayang'ana odwala 1,865. Anapeza kuti asilikali akamachuluka m'chotupa, mpata wakuti khansa yafika kale ku mwanabere umachepa: mwa odwala amene zotupa zawo zinalibe asilikali, opitirira pang'ono mmodzi mwa anayi alionse anapezeka ndi khansa mu mwanabere, pamene mwa amene anali ndi asilikali ochuluka zedi anali pafupifupi mmodzi mwa 18. Ndikukupemphani kuti manambala a mu 1996 aja musawaike pa abambo anu. Anali a odwala a ku Ulaya, a nthawi imene mankhwala amene tili nawo lero kunalibe, ndipo amanena za gulu osati za munthu mmodzi. Chimene akutiphunzitsa ndi kumene zinthu zimapendekera, osati tsiku la munthu. Ndiwonjezere kuti gulu la non-brisk ndi lalikulu kwambiri, moti m'kati mwake muli odwala osiyanasiyana, komanso akatswiri awiri oyang'ana chidutswa chimodzi sagwirizana nthawi zonse pa malire a non-brisk ndi brisk. Izi ndi zina mwa zifukwa zimene ndondomeko ya American Joint Committee on Cancer, yomwe madokotala padziko lonse amagwiritsa ntchito popeza siteji ya melanoma, kutanthauza pamene khansayo yafika, sinaikemo asilikaliwa ngakhale mu mtundu wake wachisanu ndi chitatu umene unayamba kugwira ntchito mu 2018.

Zimene zili m'ndondomekoyo ndi zimene ndikufuna muziyang'ane kwambiri. Choyamba ndi kuya kwa chotupa, komwe Alexander Breslow anasonyeza mu 1970 kuti kumalosera bwino kuposa kutambalala kwake pakhungu. Chotupa chosapitirira milimita imodzi chimatengedwa kuti n'chopyapyala, ndipo chopitirira mamilimita 4 n'chokhuthala kwambiri. Cha abambo anu chili pakati pa 2 ndi 4. Chachiwiri ndi chilonda cha pamwamba pa chotupa, chimene chimasonyeza kuti khansayo ndi yaukali. Chachitatu, chomwe kalata yanu sinatchule, ndi anabere, makamaka a m'mphechepeche popeza chotupa chinali kuphazi. Chotupa cha kuya kotere chokhala ndi chilonda, ngati anabere ali bwino, chimaikidwa pa siteji IIB, ndipo mwa odwala amene ndondomekoyo inawerengera, 87 pa 100 alionse anali asanamwalire ndi melanoma patapita zaka 5. Chotupa chomwecho chikapezeka kuti chafika ku mwanabere chimakwera kufika pa siteji IIIC, pamene nambalayo imatsika kufika pa 69. Mukuona kuti funso la anabere likusintha chithunzi kuposa mmene mawu akuti non-brisk angachisinthire.

Ndiye n'chifukwa chiyani madokotala amalembabe za asilikaliwa? Chifukwa chake n'chakuti pa khansa zonse, melanoma ndi imodzi mwa zimene chitetezo cha m'thupi chimaziona bwino kwambiri. Pafupifupi selo lililonse la m'thupi limatenga tizidutswa ta mapuloteni amene likupanga m'kati n'kutiika kunja kwake, pa timapuloteni tina totchedwa MHC, kuti asilikali a mtundu wa T odutsa pamenepo atione. Tizidutswa tikakhala tachibadwa, msilikali amapitirira. Tikakhala tachilendo, msilikali wa gulu la CD8 amamatirira selolo n'kulipha. Khansa imayamba chifukwa cha zolakwika zimene zimachitika mu DNA ya selo, ndipo cholakwika chilichonse chikhoza kutulutsa puloteni yosintha pang'ono imene thupi silinaionepo. Melanoma yoyamba pakhungu lopsa ndi dzuwa imakhala ndi zolakwika zochuluka kuposa khansa zambiri, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumawononga DNA kwa zaka zambiri, ndipo kuchuluka kwa zolakwikako kumapatsa asilikali zizindikiro zambiri zoti agwirepo. Mu 1991 gulu la Thierry Boon ku Brussels linapeza koyamba chizindikiro chenicheni chimene asilikali a T a munthu amazindikira pa khansa, ndipo linachipeza pa maselo a melanoma. Kuyambira pamenepo nkhaniyi inasiya kukhala yongoganizira.

Pali umboni wina umene umandikhudza kwambiri. Mu 2003 Rona MacKie ndi anzake a ku Glasgow analemba za odwala awiri amene analandira impso kuchokera kwa munthu mmodzi womwalira, ndipo onse awiri anadwala melanoma yochokera m'impso zimenezo. Atafufuza anapeza kuti wopereka impsoyo anachotsedwa melanoma pakhungu zaka 16 m'mbuyomo, ndipo zaka zonsezo ankaoneka kuti anachira. Maselo a khansa anali atabisala m'impso zake, chitetezo chake chikuwapanikiza kuti asakule, koma atalowa m'matupi a anthu amene ankamwa mankhwala ofooketsa chitetezo kuti thupi lisakane impso yatsopano, anadzuka n'kufalikira. Nkhaniyi ikusonyeza kuti pakati pa kupha khansa yonse ndi kugonjetsedwa nayo pali nyengo yachitatu, yomwe ingatenge zaka zambiri, pamene chitetezo sichikuithetsa koma chikuigwira kuti isayende. Robert Schreiber ndi anzake anafotokoza nyengo zitatuzi mu 2002: thupi limayamba ndi kupha maselo amene likuwazindikira, kenaka pamakhala kufanana mphamvu, ndipo pomaliza maselo amene aphunzira kuzemba amachulukana. N'chifukwa chake madokotala nthawi zina amapeza melanoma imene mbali yake ina yazimiririka yokha n'kusiya chipsera, ndipo odwala ena ochepa amapezeka ndi melanoma m'anabere popanda chotupa chilichonse pakhungu, mwina chifukwa choti chitetezo chinachifafaniza chitatumiza kale mbewu zake.

Apa m'pamene funso lanu loyamba likuyankhidwa. Kupezeka kwa asilikali m'chotupa sikutanthauza kuti thupi likupambana, chifukwa chotupa chimene chakula mpaka mamilimita 3.4 chakula asilikaliwo ali pomwepo. Maselo ena a khansa amasiya kuonetsa tizidutswa tawo kunja, moti msilikali amadutsa osaona kanthu. Ena amaitana mtundu wina wa maselo a T umene ntchito yake ndi kukhazika anzake pansi, komanso maselo ena oyera amene m'malo molimbana ndi chotupa amachithandiza kumera mitsempha ya magazi. Pa utoto wamba umene malabotale amagwiritsa ntchito, msilikali wakupha ndi msilikali wokhazika anzake pansi amaoneka chimodzimodzi, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene kuwerengaku sikulosera molondola nthawi zonse. Koma njira yozembera imene yadziwika kwambiri ndi ya mabuleki. Asilikali a T ali ndi mabuleki achibadwa amene amawaletsa kuwononga thupi la mwiniwake, ndipo awiri odziwika bwino ndi CTLA-4 ndi PD-1. Msilikali akalowa m'chotupa n'kuyamba nkhondo, maselo a khansa amayankha potulutsa puloteni yotchedwa PD-L1, imene imaponda buleki ya PD-1, ndipo msilikaliyo amafooka ali pomwepo.

Tasuku Honjo wa ku Kyoto anapeza PD-1 mu 1992, ndipo James Allison anasonyeza mu 1996 kuti kutsekereza CTLA-4 kumachititsa mbewa kugonjetsa zotupa zawo. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2018. Mankhwala oyamba omasula mabuleki, ipilimumab, anavomerezedwa ku America mu 2011, ndipo pembrolizumab ndi nivolumab, omwe amatsekereza PD-1, anatsatira mu 2014. Kusintha kumene kunabwera n'kwakukulu. Mankhwalawa asanabwere, theka la odwala melanoma yofalikira m'ziwalo zina ankamwalira chaka chisanathe. M'kafukufuku wotchedwa CheckMate 067, amene zotsatira zake za zaka 10 zinatuluka mu 2024, odwala 43 pa 100 alionse amene analandira nivolumab pamodzi ndi ipilimumab anali akadali moyo, ndipo mwa amene analandira nivolumab yekha anali 37. Jimmy Carter, yemwe anali mtsogoleri wa dziko la America, anapezeka ndi melanoma m'chiwindi ndi mu ubongo mu 2015 ali ndi zaka 90. Anachitidwa opaleshoni, anapatsidwa chithandizo cha cheza chopha maselo a khansa komanso analandira pembrolizumab, ndipo anamwalira mu December 2024 ali ndi zaka 100.

Chimene chikugwirizanitsa mankhwalawa ndi mzere wa pa lipoti la abambo anu chinaoneka bwino mu 2014, pamene gulu la Antoni Ribas ku Los Angeles linayang'ana zidutswa za zotupa zimene zinatengedwa odwala asanayambe pembrolizumab. Odwala amene mankhwala anawathandiza anali makamaka aja amene anali kale ndi asilikali a CD8 ochuluka m'mphepete mwa chotupa. Mankhwalawa salenga chitetezo chatsopano, koma amamasula asilikali amene anali atachizindikira kale chotupacho. Steven Rosenberg wa ku National Cancer Institute ku America anatenga njira ina: kuyambira m'zaka za m'ma 1980 wakhala akuchotsa asilikali m'chotupa, kuwachulukitsa mu labotale mpaka mabiliyoni, n'kuwabwezera m'magazi a wodwala yemweyo, ndipo chithandizo cha mtundu umenewu chotchedwa lifileucel chinavomerezedwa ku America mu February 2024. Madokotala anaonanso kuti odwala ena amene akulandira mankhwala omasula mabuleki amachita mawanga oyera pakhungu, chifukwa asilikali akupha maselo a melanoma amaphanso maselo abwino opanga mtundu wa khungu, ndipo odwala oterewa kawirikawiri ndi amene mankhwala akuwagwira bwino.

Tsopano ndifike pa mbali imene ikutikhudza ife akhungu lakuda, yomwe zolemba zambiri za pa intaneti zimaidumpha. Pafupifupi zonse zimene ndafotokozazi anazipeza pa azungu a ku Australia, ku Ulaya ndi ku America, omwe melanoma yawo imayamba pamsana, pamiyendo kapena kumaso chifukwa cha dzuwa. Ife melanoma siitigwira kawirikawiri, koma ikatigwira imakonda kuyamba kuphazi, pachidendene, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo, ndipo madokotala amaitcha acral melanoma. Ndi mtundu umene unapha Bob Marley mu 1981 ali ndi zaka 36, utayamba pansi pa chikhadabo cha chala chakuphazi mu 1977. Melanoma imeneyi siyamba ndi dzuwa, choncho zolakwika zing'onozing'ono za mu DNA yake zimakhala zochepa poyerekeza ndi ya pakhungu lopsa ndi dzuwa. M'malo mwake zigawo zikuluzikulu za DNA zimaduka, kusinthana malo kapena kubwerezedwa. Zotsatira zake n'zakuti asilikali amapeza zizindikiro zochepa zogwirapo, zotupa zambiri za kuphazi zimapezeka ndi asilikali ochepa kapena opanda n'komwe, ndipo mankhwala omasula mabuleki amathandiza odwala ochepa poyerekeza ndi a melanoma ya dzuwa, monga mmene kafukufuku wa ku Japan ndi ku China, kumene mtundu umenewu ndi wofala, wasonyezera. Pa chifukwa chimenechi, ineyo ndikuona kuti mawu akuti non-brisk pa chotupa cha pachidendene si nkhani yoipa. Akusonyeza kuti pali asilikali ena amene anachiona chotupacho, pamene zotupa zambiri za malo amenewa sizionedwa.

Komabe chimene chimapha anthu ambiri a melanoma ya kuphazi si kuchepa kwa asilikali kokha, koma kuchedwa. Munthu sayang'ana kuphazi kwake tsiku ndi tsiku, ndipo banga lakuda pachidendene cha mlimi limatengedwa ngati chipsera cha munga kapena mng'alu wa m'chilimwe. Kwathu kuno palinso khansa ya Kaposi, yomwe ndi yofala kwambiri ndipo nayonso imakonda mapazi ndi miyendo, moti ngakhale wachipatala akhoza kuganiza za iyo poyamba, ndipo chimene chimasiyanitsa ziwirizi motsimikiza ndi kuyeza kachidutswa ku labotale. Abambo anu afika kale pamenepo, ndipo ali ndi lipoti lotchula kuya, chilonda ndi asilikali, zomwe zikusonyeza kuti amene analemba anachita ntchito yake mosamala.

Za mankhwala omasula mabulekiwo, ndibwino mudziwe kuti alipo ndiponso kuti ku America pembrolizumab anavomerezedwa mu 2021 kuti aziperekedwa opaleshoni itachitika kwa odwala a siteji IIB ndi IIC pofuna kuchepetsa mpata wakuti khansa ibwerere. Bungwe la World Health Organization linaika nivolumab ndi pembrolizumab pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira mu 2019, kaamba ka melanoma yofalikira. Koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri, moti mabanja ambiri a m'chigawo chathu sangaufikire pa okha, ndipo mankhwalawo si opepuka. Mabuleki akamasulidwa, asilikali amatha kuukira matumbo n'kuyambitsa kutsekula m'mimba koopsa, amatha kuwononga chithokomiro, chiwindi kapena mapapo, ndipo zina mwa zowonongekazo sizibwerera. Ndikutchula izi kuti muone kuti chitetezo chokwezedwa mwachisawawa si chinthu chabwino mwa icho chokha, ndipo pamafunika dokotala wa khansa woyang'anira mosamala.

Izi zikutifikitsa pa ndalama zimene achibale akusonkha. Ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musazigwiritse ntchito pogula mabotolo, maufa kapena makapusozi amene amatsatsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook kuti amakweza chitetezo. Palibe umboni wakuti chimodzi mwa zinthu zimenezi chimasintha chotupa cha non-brisk kukhala cha brisk kapena kuti chimatalikitsa moyo wa wodwala melanoma, ndipo mukaganizira zimene tafotokozazi muona chifukwa chake. Vuto la abambo anu si lakuti ali ndi asilikali ochepa m'magazi. Munthu akhoza kukhala wathanzi, wosadwaladwala, wa magazi abwino, koma chotupa chake n'kukhala chopanda msilikali ndi mmodzi yemwe, chifukwa asilikali akewo sakuchizindikira kapena chawapondera buleki. Kuzindikirako kumadalira mapuloteni a chotupacho ndi mmene akuonekera kunja kwa maselo ake, ndipo palibe chakumwa chimene chingasinthe zimenezo. Zina mwa zinthu zotsatsidwazo zimavulaza chiwindi kapena impso, zina zimasokoneza mankhwala a kuchipatala, ndipo choipa kwambiri n'chakuti zimapatsa banja chifukwa chodikira pamene nthawi ikufunika. Ndalamazo zingagwire ntchito yeniyeni zikapita ku mayendedwe a kuchipatala, ku sikani ndi ku chakudya chabwino chothandiza bala la opaleshoni kupola.

Sindikunena kuti chitetezo cha thupi lonse chilibe kanthu. Chikagwa kwambiri, melanoma imapeza mpata, monga mmene taonera pa odwala a impso aja, ndipo anthu amene analandira ziwalo za ena amadwala melanoma kawirikawiri kuposa anthu wamba ndiponso imawavuta kwambiri. Kafukufuku wa ku America wasonyezanso kuti odwala melanoma amene ali ndi HIV amamwalira nayo mochuluka kuposa amene alibe. Choncho ngati abambo anu sanayezetse HIV posachedwapa, ayezetse, pakuti ukalamba suteteza munthu ku kachilomboka, ndipo ngati ali pa ma ARV, asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Ngati amamwa prednisolone kapena mankhwala ena ofooketsa chitetezo kwa nthawi yaitali chifukwa cha matenda ena, dokotala wa khansa auzidwe, koma asasiye okha mwadzidzidzi chifukwa kutero n'koopsa. Ngati ali ndi matenda a shuga, asamalidwe bwino, popeza bala la kuphazi limachedwa kupola shuga akakwera. Mudziwenso kuti nambala ya CD4 imene imayezedwa m'magazi ndi chinthu chosiyana ndi asilikali a m'chotupa, ndipo imodzi siingalowe m'malo mwa inzake.

Mukapitanso kuchipatala, pali mafunso amene ndikufuna muwafunse, ndipo muli ndi ufulu wonse wowafunsa. Funsani ngati m'mphepete mwa mnofu umene unachotsedwa munapezeka maselo a khansa, komanso ngati pakufunika opaleshoni yachiwiri yokulitsa bala, chifukwa pa chotupa chopitirira mamilimita 2 malangizo ambiri amanena kuti achotse masentimita 2 a khungu labwino mozungulira, ndipo pachidendene zimenezi nthawi zambiri zimafuna kumezanitsa khungu lochokera pena. Funsani za anabere a m'mphechepeche ndi a kuseri kwa bondo. Njira yodalirika ndi imene Donald Morton anafotokoza mu 1992, yobaya utoto kapena mankhwala ena pafupi ndi pamene panali chotupa n'kuchotsa mwanabere woyamba amene alandira utotowo kuti akayezedwe, ndipo imagwira bwino ikachitika pamodzi ndi opaleshoni yokulitsa bala, osati pambuyo pake, choncho funsoli lifunsidwe msanga. Kumene njira imeneyi kulibe, sikani ya ultrasound yobwerezedwa miyezi ingapo iliyonse imathandiza kupeza mwanabere wokayikitsa akadali wamng'ono. Funsaninso ngati chotupacho chingayezedwe kuti aone ngati chili ndi cholakwika m'zigawo za DNA zotchedwa BRAF kapena KIT, chifukwa ngakhale cholakwika cha BRAF sichipezeka kawirikawiri pa melanoma ya kuphazi, chikapezeka pamakhala mankhwala ena akumwa amene angagwiritsidwe ntchito khansa ikabwerera.

Kunyumba, kamodzi pa mwezi, wina wa m'banja amene abambo anu ali omasuka naye ayang'ane chipsera cha opaleshoni ndi khungu lonse kuyambira pachidendene, kukwera mwendo mpaka m'ntchafu, kufufuza timadontho takuda kapena timibulu tolimba pansi pa khungu, pakuti melanoma ya kuphazi imatha kumera m'njira imene imadutsa popita ku anabere. Iwo eni aphunzire kupapasa m'mphechepeche posamba. Mwanabere wolimba, wosapweteka, amene sakuphwa patapita milungu iwiri kapena itatu, asadikire tsiku limene analemberedwa, ndipo chimodzimodzinso chifuwa chosatha, kuwonda kosadziwika chifukwa chake, kapena mutu wachilendo umene ukukulirakulira. Kubwerera kwa khansayi kumachitika kwambiri m'zaka zitatu zoyambirira, koma kumatha kuchitika ngakhale patapita zaka zoposa 10, choncho ulendo wa kuchipatala usathe chifukwa choti bala lapola. Musunge kope la lipoti la ku labotale pamalo abwino, ndipo mufunse kumene kachidutswa ka chotupa kakusungidwa, chifukwa dokotala aliyense amene adzawaone m'tsogolo, kaya kuno kapena kunja, adzafuna ziwirizi asanaganize za mankhwala alionse.